Geji ya mafuta ikayamba kunama

Galimoto ikazima pakati pa msewu muvi ukuloza pa kota, oyendetsa ambiri saganizako za mafuta. Amayamba kukayikira mapulagi, pampu, batire, mwinanso kuitanitsa makaniko kuchokera kutali, kenaka n'kudzazindikira kuti thanki yauma. Ena vuto lawo ndi lina: amwetsa mafuta a ndalama zooneka koma muvi osasuntha, basi mkangano wabuka ndi wothira mafuta pa filing'i siteshoni. Kuno kwathu mafuta ndi odula, ndipo nthawi zina amasowa mpaka anthu kugona pa mizere, monga zinachitikira mu 2011 ndi 2012 komanso mobwerezabwereza kuyambira 2022. Munthu wodutsa m'nkhalango ya Chikangawa usiku, kapena msewu wochokera ku Kasungu kupita ku Nkhotakota umene umadula pakati pa malo osungirako nyama zakutchire, afunika kudziwa mafuta enieni amene ali nawo.

Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: geji ikamanama, imanama mwa dongosolo. Kanamidwe kake kamakulozerani pamene pali vuto, ndipo kawirikawiri vutolo limakhala pa chinthu chotchipa kusiyana ndi chimene anthu amathamangira kukagula.

Geji siwerenga malita. Mkati mwa thanki muli kachinthu koyandama pamwamba pa mafuta, kamene amakaniko amati floater, kogwira ntchito ngati mpira uja wa mu thanki ya chimbudzi chamadzi. Kali kunsonga kwa kamkono ka waya wolimba. Mafuta akachuluka kamakwera, akachepa kamatsika, ndipo kamkonoko kakamayenda kamakoka kalilime kachitsulo kamene kamakhula pa kambale kokhala ndi timizere tambirimbiri. Malo amene kalilimeko kaima ndiwo amachititsa kuti magetsi adutse mosavuta kapena movutikira, ndipo kuvutikira kumeneku ndi kumene kumayezedwa ndi ma ohm. Waya wina amanyamula uthengawo kupita ku dashibodi, wina ndi wa earth. Pa galimoto zakale, monga Hilux ndi Corolla za m'ma 1980 ndi 1990, uthengawu umafika ku muvi mwachindunji. Pa Vitz, Passo, Sienta, Fit, Note ndi Demio zimene zadzaza m'misewu yathu lero, umayamba wadutsa mu kakompyuta kamene kamachedwetsa muvi dala kuti usamavine mafuta akamagwedezeka pa mahampu ndi pokhota. Choncho malo amene angavute ndi ochepa: floater ya mu thanki, mawaya ndi pulagi yake, earth, ndi geji yeniyeniyo ya pa dashibodi.

Musanamasule kanthu, tsimikizani kuti ikunamadi

Pali zinthu zimene geji yabwinobwino imachita zimene anthu amaziyesa matenda. Mukadzaza thanki, muvi umakhala pa F kwa makilomita ambiri, kenaka ukadutsa theka umaoneka ngati ukuthamanga. Chifukwa chake n'chakuti thanki ikadzaza, floater imakanikizika kudenga kwa thankiyo, ndipo singayambe kutsika mpaka mafuta a pamwamba ndi a mu paipi yomwetsera atatha. Thanki nayonso sinapangidwe ngati bokosi lowongoka. Ili ndi malo otakasuka ndi opanikizika kuti ikwane pansi pa galimoto. Mukaimika pa chitunda kapena mbali imodzi ili mu ngalande, muvi umasinthanso. Geji iwerengedwe pamalo athyathyathya.

Nkhani ya muvi wosasuntha mutamwetsa mafuta ija ndi yofunika kuimvetsa chifukwa yayambanitsa anthu ambiri popanda chifukwa. Ngati geji yanu ndi ya timabokosi, tinene 8, ndipo thanki ndi ya malita 42 monga ya Vitz, ndiye kuti kabokosi kamodzi ndi malita oposa pang'ono 5. Mukathira malita 3, n'zotheka kuti palibe chimene chisinthe pa dashibodi. Galimoto zina kompyuta yake imazindikira kuti mwamwetsa pokhapokha mutazimitsa kiyi, ndiye amene amamwetsa injini ikulira amaona muvi ukukwera pang'onopang'ono ali kale pa msewu. Zimitsani galimoto pomwetsa, yang'anani kuti manambala a pa pampu ayambira pa 0, ndipo werengani malita, osati muvi. Ngati mukukayikiradi pampu ya pa siteshoni, a Malawi Bureau of Standards ndi amene ali ndi udindo woyeza mapampuwa, ndipo dandaulo lipite kumeneko.

Njira yotsimikizira ndi imodzi, ndipo imafuna kuti mudzaze thanki kawiri. Ndikudziwa kuti ndi katundu wolemera pa thumba, koma mafutawo satayika, mudzawagwiritsabe ntchito, pamene ndalama yogulira chipangizo chosafunika ndiye yapita. Dzazani mpaka pampu itadziimitsa yokha, osakakamiza kuwonjezera. Bwezani trip meter pa 0. Yendani maulendo anu a masiku onse mpaka muvi utafika pa theka, kenaka kadzazeninso, makamaka pa pampu yomweyo, n'kulemba malita amene alowa ndi makilomita amene mwayenda. Thanki ya malita 42 ikalandira cha m'ma 20, geji ili bwino. Ikalandira 33 kapena 35, geji ikunama kumbali yoopsa, ikukulonjezani mafuta amene kulibe. Ikalandira 10 okha, ikunama kumbali inayo.

Kuyesa kumeneku kumaululanso china. Mwina malita alowa mogwirizana ndi muvi, koma makilomita ndi ochepa modabwitsa. Pamenepo geji ilibe mlandu. Mafuta akuthadi: mwina akudontha, mwina injini ikumwa kwambiri chifukwa cha mapulagi otopa, air cleaner yodzaza fumbi, matayala opanda mpweya wokwanira kapena mabuleki ogwira, mwinanso wina akupopa usiku. Nunkhizani kumbuyo kwa galimoto m'mawa ndipo yang'anani pansi pamene inagona.

Kanamidwe kake kakuuzeni poyambira

Muvi wogona pa E ngakhale mwadzaza, pa Toyota ndi galimoto zambiri za ku Japan, umasonyeza kuti njira ya magetsi yaduka penapake: pulagi yazuka, waya waduka, kalilime kaja sikakukhudzanso kambale, apo ayi ndiye kuti floater yabooka n'kumira. Muvi wokakamira pa F umasonyeza kuti waya wa uthenga wasupuka n'kukhudza chitsulo cha galimoto, kapena kamkono kakodwa m'mwamba. Izi zili choncho chifukwa pa galimoto zimenezi ma ohm amachepa thanki ikadzaza. Toyota zambiri zakale zimawerenga pafupifupi 3 ikadzaza ndi 110 ikauma, ndipo zambiri za pambuyo pake zimawerenga pafupifupi 15 ndi 410. Koma pali galimoto zimene zimayenda mosemphana. Zambiri zakale za General Motors zinkawerenga 0 ikauma ndi 90 ikadzaza, Ford zambiri kuyambira kumapeto kwa m'ma 1980 zimawerenga 16 ndi 158, ndipo mageji a VDO ofala pa galimoto za ku Ulaya amawerenga 10 ndi 180. Pa zimenezi waya akaduka muvi umathawira ku F. Manambala enieni a galimoto yanu ali mu buku la amakaniko la mtundu wake, ndipo ambiri mwa mabukuwa amapezeka pa intaneti.

Muvi umene umayenda bwino kuchokera pa F, koma ukafika pamalo amodzimodzi, kawirikawiri pakati pa kota ndi E, umagwa mwadzidzidzi kapena kudumphadumpha, vuto lake ndi kambale ka timizere kaja. Ili ndi vuto lathu lenileni. Ambirife timamwetsa mafuta a tsiku limenelo, motero kwa zaka zambiri kalilime kamakhula chigawo chimodzi chokha cha kambale, cha m'munsi, mpaka timizere ta pamenepo titaperepeseka, pamene ta kumtunda tikadali tatsopano. N'zomvetsa chisoni kuti geji imafera pamalo pamene mwini wake amaidalira kwambiri.

Muvi ukamasuntha mukayatsa magetsi, mukaponda buleki kapena mukayatsa indicator, thamangirani ku earth. Magetsi a kumbuyo ndi floater nthawi zambiri amagawana malo amodzi omangirira earth, ndipo pamenepo pakachita dzimbiri magetsi amafuna njira ina yobwerera, n'kudzera mu geji. Geji ya mafuta ndi ya kutentha kwa injini zikafa limodzi, kapena zonse zikamawerenga mopitirira, musavutike ndi thanki. Vuto lili ku fyuzi kapena ku dashibodi. Ndipo dzifunseni kuti vutoli linayamba liti. Ngati linayamba tsiku limene anasintha pampu ya mafuta, ndiye kuti kamkono kanapindika poika, kanakodwa, kapena anaika floater ya galimoto ina. Ngati linayamba mutagunditsa pansi pa galimoto pa mwala kapena pa hampu, kayang'aneni ngati thanki sinafwanyike kulowa mkati.

Yambani ndi fyuzi chifukwa ndi ntchito ya mphindi zochepa. Bokosi lake lili pansi pa dashibodi, lina lili ku injini, ndipo pa chivindikiro pamakhala chithunzi. Pa Toyota funani yolembedwa GAUGE kapena METER. Ikakhala yopsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Musamange kawaya kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi; galimoto zapsa chifukwa cha zimenezi. Yatsopanoyo ikapsanso, pali shoti, ndipo imeneyo ndi ntchito ya wa zamagetsi a galimoto.

Kenaka pitani ku pulagi ya pamwamba pa thanki. Pa galimoto zing'onozing'ono zambiri mumaipeza mukanyamula khushoni ya mpando wa kumbuyo. Pansi pake pali kachivindikiro kachitsulo. Honda Fit ndi yosiyana, thanki yake ili pansi pa mipando ya kutsogolo ndipo polowera pali pakati pa mipandoyo. Pa mapikapu ambiri mumafika kudzera pansi, ndipo nthawi zina thanki imafunika kutsitsidwa. Kiyi ali chozimitsa, zulani pulagiyo n'kuiyang'anitsitsa. Timano take tikakhala tobiriwira, tonyowa kapena todzaza matope a m'dzinja, titsukeni ndi mankhwala opopera otsukira zamagetsi ndi kaburashi kofewa, n'kudikira kuti tiume. Tsatirani mawaya ndi maso ndi zala mpaka pamene mungafike. Makoswe amakonda kutafuna mawaya a pamenepa, makamaka pa galimoto yonyamula chimanga kapena yogona pafupi ndi nkhokwe. Mukapeza pamene waya wa earth wamangiriridwa ku chitsulo cha galimoto, masulani bauti, palani dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, n'kumanganso molimba. Mageji ambiri amachira pamenepa, osagula kanthu.

Ngati sizinasinthe, pali kuyesa kumene kumagawa nkhani pakati, kuti mudziwe ngati vuto lili mkati mwa thanki kapena kunja. Pulagi ili chozula, tembenuzani kiyi pa ON osaliza injini, muone kumene muvi ukupita. Pa pulagiyo pamakhala mawaya anayi kapena asanu: awiri onenepa ndi a pampu, oonda ndi a floater. Onenepawo musawakhudze. Pa galimoto zakale, kulumikiza waya woonda wa uthenga ku earth kwa masekondi ochepa kumayenera kuthamangitsira muvi kumbali inayo. Chotsani msanga muvi usanafike kumapeto. Pa galimoto za kompyuta musachite zimenezo. Gulani resistor kwa okonza mawailesi ndi ma TV, ya ma ohm ogwera pakati pa manambala a galimoto yanu, muilumikize pa timano tiwiri ta floater, ndipo mupatse muvi mphindi zingapo, kapena zimitsani kiyi n'kuyatsanso, chifukwa kompyuta ija imachedwa. Muvi ukamvera n'kukaima penapake pakati, mawaya ndi dashibodi zili bwino, vuto lili mu thanki. Ukapanda kusuntha, thanki musaitsegule n'komwe.

Amene ali ndi multimeter angathe kumva floater osatsegula thanki. Ikani multimeter pa ma ohm, khudzitsani timano tiwiri ta floater kumbali ya thanki, ndipo wina agwedeze galimoto. Manambala ayenera kusuntha pang'onopang'ono mafuta akamayenda. Akaima nji, kamkono kakodwa kapena floater yamira. Multimeter ikamaonetsa OL kapena 1 yekha, njira yaduka mkati. Lembani nambala imene mwapeza, mukamwetse malita 10, muyezenso. Ikapanda kusintha, mwapeza wolakwa.

Kutsegula thanki

Apa ndiye ndikupempha kuti mumve bwino. Chimene chimapha pa petulo si madzi ake koma nthunzi yake. Petulo amatulutsa nthunzi yoyaka ngakhale kutazizira kufika pa madigiri 40 kunsi kwa 0, nanji kotentha ngati ku Chikwawa kapena ku Salima. Nthunziyi ndi yolemera kuposa mpweya, imakwawa pansi osaoneka, ndipo imatha kukafika pa mbaula imene ili patali ndithu moto n'kubwerera ku galimoto. Gwirani ntchitoyi panja, masana, zitseko zonse zili zotsegula, injini itazizira. Pasakhale mbaula, kandulo, koloboyi, wosuta fodya, wowotcherera zitsulo kapena ana. Musagwirire mu garaja yotseka kapena pamwamba pa dzenje la amakaniko, chifukwa nthunzi imadzaza m'menemo. Pafupi pakhale chozimitsira moto kapena ndowa ya mchenga. Madzi amangomwaza moto wa petulo. Ngati chimodzi mwa izi simungachikwanitse, pitani kwa makaniko ndi zimene mwapeza kale. Mwamuchepetsera ntchito, ndipo sangakugulitseni chipangizo chimene simukufunika.

Dikirani mafuta atsike kufika pa kota kapena kucheperapo, ndipo musawapope ndi pakamwa. Petulo akalowa m'mapapo amavulaza koopsa. Mu paipi ya mafuta mumakhala mphamvu ya pafupifupi 3 bar, yoposa ya mu tayala, ndiye muyambe mwaiphwetsa: zulani pulagi ya pampu, lizani injini mpaka izime yokha, kenaka masulani waya wa negative pa batire. Pukutani fumbi lonse lozungulira chivindikiro kuti lisagwere mkati. Jambulani ndi foni momwe mapaipi ndi chivindikiro zakhalira musanatsegule, foniyo n'kuiika kutali. Kulungani nsanza pa paipi poizula. Galimoto zina chivindikiro chimagwidwa ndi timabauti, zina ndi mkombero waukulu wopota. Mkomberowo musaumenye ndi tchizulo chachitsulo, chingathethetse moto. Gwiritsani ntchito kamtengo kolimba. Potulutsa, pendeketsani mofatsa kuti kamkono katuluke osapindika, ndipo phimbani bowo la thanki ndi nsalu yoyera.

Pitani nacho kutali ndi galimoto, chiume. Lumikizani multimeter, ndipo yendetsani kamkono ndi dzanja pang'onopang'ono kuchokera pansi mpaka pamwamba maso ali pa manambala. Ayenera kutsika kapena kukwera motsatana, osadumpha, osasowa. Pamene asowa ndi pamene pali bala. Timizere tikakhala takuda koma tathunthu, ndi litsiro chabe: pukutani ndi mankhwala otsukira zamagetsi ndi kansalu kofewa, kapena labala yofufutira pensulo. Sandipepa ayi, amachotsa timizere tomwe mukufuna kupulumutsato. Kuda kumeneku kawirikawiri kumabwera ndi sulfure wa m'mafuta, amene amadya zitsulo za pa kambale. Mu 2004 ku Louisiana ndi ku Florida, m'dziko la America, petulo wokhala ndi sulfure wambiri anaononga mageji a galimoto zochuluka m'masiku ochepa, ambiri n'kumaonetsa mafuta pamene thanki yauma. Koma mukaona kuti timizere tatheratu mpaka kambale kakuonekera koyera, kutsuka sikuthandiza. Gulani ina.

Gwedezani floater yeniyeniyo pafupi ndi khutu. Mukamva madzi mkati, kapena ikamalemera, yabooka ndipo singayandamenso. Onaninso kuti kamkono kakuyenda momasuka pa msomali wake ndiponso kuti kalilime kakukanikiza kambale. Musanatseke, unikani mu thanki ndi tochi ya LED muli chapatali. Funani dzimbiri, matope, madzi ogona pansi, malo ofwanyika, kapena chitsulo chotchinga mafuta chimene chathothoka n'kumakola kamkono. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa kuyambira 1982 ndiponso ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku si nkhani, koma yoima miyezi thanki ili pafupifupi youma imachita dzimbiri mkati. Mafuta a m'zigubu za m'mbali mwa msewu ndiye amabwera ndi madzi ndi zinyalala zawo. Thanki yakuda itsitsidwe n'kutsukidwa, apo ayi floater yatsopano idzafanso. Yobooka kapena yofwanyika kwambiri isinthidwe. Kuwotcherera thanki ya petulo kwapha anthu, ngakhale itaoneka youma.

Pogula, tengani nambala ya chassis ndi chipangizo chakalecho. Pa galimoto zambiri floater imagulitsidwa payokha, simufunika kugula pampu yonse. Ngati mukugula yochotsa pa galimoto ina, pitani ndi multimeter mukaiyeze pomwepo monga tafotokozera, ndipo linganizani kutalika ndi kapindikidwe ka kamkono. Ziwiri zikhoza kufanana maonekedwe koma ma ohm n'kusiyana, ndipo zimene amati zimalowa pa galimoto iliyonse nthawi zambiri zimakhala za 240 ikauma ndi 33 ikadzaza, zimene sizigwirizana ndi dashibodi ya Toyota. Ikani labala yatsopano ya pa chivindikiro. Yakale ikafufuma sikhalanso bwino, ndipo mudzamva fungo la petulo m'galimoto mukadzaza. Mukamaliza, bwezani batire, tembenuzani kiyi pa ON kangapo, yang'anani ngati pakudontha, kenaka lizani.

Amakaniko ena amakonda kupinda kamkono kuti muvi uzifika pa F mwini galimoto asangalale. Sindigwirizana nazo. Mukapinda kuti kumwamba kukome, mwasuntha ndi kumunsi komwe, ndipo muvi udzakhala ukuonetsa mafuta thanki itauma. Ngati geji ingalakwitse pang'ono, ilakwitse kumbali yoti ifike pa E mafuta akadalimo. Opanga galimoto amachita dala zimenezi: pa galimoto zing'onozing'ono zambiri, nyale ya mafuta imayaka kutatsala malita pakati pa 5 ndi 8.

Eni galimoto monga Nissan X-Trail, Subaru Forester ndi BMW zambiri adziwe kuti thanki yawo ili ndi zigawo ziwiri, chifukwa pakati pake pamadutsa shafti yopita ku matayala a kumbuyo. Chigawo chilichonse chili ndi floater yake, ndipo geji imaphatikiza ziwirizo. Kusintha imodzi osayeza inzake ndi kutaya ndalama. Komanso muli kachipangizo kokoka mafuta kuchokera ku chigawo chopanda pampu kupita ku chinzake. Kakatsekeka, galimoto imazima muvi uli pa kota, ndipo gejiyo ikunena zoona: mafuta alimo, koma ali kumbali kumene pampu singawafike.

Dashibodi ikhale yomaliza kuikayikira, chifukwa siivuta kawirikawiri ndiponso ndi yodula. Galimoto zina mivi yonse imayenda mpaka kumapeto n'kubwerera mukangoyatsa kiyi. Wa mafuta ukatsalira pamenepo, kamota kake kafa kapena mtovu wa kumbuyo kwake wang'aluka, ndipo odziwa zamagetsi amakonza osasintha dashibodi yonse. Kuika dashibodi ya galimoto ina kumasintha makilomita olembedwa, ndipo pa galimoto zina kumasokoneza kiyi. Mukapita kokaika galimoto pa kompyuta, manambala a vuto la floater ndi P0460 mpaka P0464, ndipo P0462 ndi P0463 amaloza ku waya wochita shoti kapena woduka. Pemphani kuti akuonetseni mlingo wa mafuta umene kompyuta ikulandira. Ukakhala wolondola koma muvi ukunena zina, vuto lili pa dashibodi. Kufufuta nambalayo pa kompyuta si kukonza, imabweranso.

Pamene mukusonkhanitsa ndalama

Galimoto ya geji yakufa ikhoza kuyenda bwinobwino ngati mwini wake akuwerenga makilomita. Kuyesa kodzaza thanki kawiri kuja kwakupatsani kale nambala yofunika: gawani makilomita ndi malita amene analowa. Tinene kuti mwapeza makilomita 13 pa lita imodzi. Thanki ya malita 42 ingakufikitseni pa 546, koma inu muzimwetsa trip meter ikafika pa 400, chifukwa mizere ya mu tauni, katundu, zitunda ndi air con zimadya mafuta ambiri kuposa msewu wautali. Ngati mumamwetsa pang'onopang'ono, sungani kabuku mu galimoto: malita 10 ndi makilomita 130, inu dalirani 100. Ulendo wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre, wa makilomita oposa 300, ufuna malita pafupifupi 24 pa galimoto yotereyi, ndiye nyamukani ndi oposa 30. Nambala ya pa dashibodi yonena makilomita otsala musaikhulupirire, imachokera ku floater yomwe yadwalayo. Kuyenda ndi chigubu cha petulo mkati mwa galimoto si yankho: zigubu za mafuta ophikira sizinapangidwire petulo, zimatulutsa nthunzi, ndipo bungwe loyang'anira za mafuta la MERA lakhala likuletsa kugula mafuta m'zigubu popanda chilolezo.

Kuumitsa thanki kuli ndi mtengo wake kupatula kuyenda pansi. Pampu ya mu thanki imazizira ndi kufewa ndi mafuta omwe ikupopawo, ndiye ikamakoka mpweya imatentha n'kutha msanga. Galimoto ya dizilo ikauma, mpweya umalowa m'mapaipi ndipo siilira mpaka mutaupopa kuti utuluke, komanso pampu ndi ma injector a dizilo za masiku ano sizipirira kuuma. Pa hybrid monga Aqua ndi Prius, kukakamira kuyenda petulo atatha kumakhetsa batire lalikulu, ndipo likatsika kwambiri galimoto singalirenso ngakhale mutathira mafuta.

Galimoto ya pakhomo imayendetsedwa ndi anthu angapo: bambo, mayi, mwana wamkulu, mwinanso mlamu wobwereka pa maliro kapena pothamangira ku chipatala usiku. Inu mukudziwa kuti geji ikunama, iwo sakudziwa. Lembani pa kapepala kuti geji siikugwira ntchito ndiponso makilomita oyenera kumwetsera, mukamate pa dashibodi lero lomwe, ndipo konzetsani floater musananyamuke ulendo wautali wotsatira.